Kodi lupanga la ku Japan lotchedwa katana limaposadi chitsulo cha kufakitale?

Mdzukulu wa Wosula:
Abale, ndithandizeni nzeru. Agogo anga aamuna anali wosula, ndipo ndinakula ndikuwapopera mvukuto iwo akusula makasu ndi nkhwangwa. Lero ndimasula zikwanje kuchokera ku masipuling'i akutha a galimoto. Dzulo mphwanga anandionetsa pa foni mmene ku Japan amasulira katana. Akuti amapinda chitsulo kambirimbiri mpaka cha kufakitale sichingafikepo. Zandikhala pamtima usiku wonse. N'zoona?

Nachisale:
Achimwene, kupindako n'koona, koma cholinga chake n'kuyeretsa. Chitsulo chawo, tamahagane, amachiyenga kuchokera ku mchenga wachitsulo ndi makala m'ng'anjo yadothi yotchedwa tatara, moto osazima masiku atatu. Ku Okuizumo, m'chigawo cha Shimane, ng'anjo yotere anaitsegulanso mu 1977 ndipo ikugwirabe ntchito. Chitsulocho chimatuluka ndi zinyalala, kaboni (wochokera ku makala, amene amaumitsa chitsulo) pena wambiri pena wochepa. Ndiye amamenya, kupinda, kumenyanso kuti chifanane ponseponse. Mukapinda ka 15 zigawo zimakwana 32,768. Sipuling'i yanuyo inachoka kufakitale ili yoyera kale. Kuipinda n'kungotha makala.

Bambo a Tadala:
A Nachisale anena zoona, koma ine luso lawo ndimaliona pothira m'madzi. Amamata dongo lochindikala kumsana kwa lupanga, kukamwa kwake pang'ono chabe. Likalowa m'madzi lili psuu, kukamwa kumazizira msanga n'kuuma gwaa, msana n'kukhala wofewa. Mzere wokongola uja wotsata kukamwa kwa lupanga, wotchedwa hamon, umabadwira pamenepo, ngakhalenso kukhota kwa lupangalo kumawonjezereka pomwepo. Koma mukalimenyetsa molakwika limakhota osabwerera, kukamwa n'kubenthuka. Chikwanje cha sipuling'i chowotchedwa bwino chimapindika n'kudziwongola chokha. Kutchire ine ndingatenge chanucho.

Nyagondwe wa ku Rumphi:
Zimandipweteka kuti timasirira za kutali pomwe kwathu kuno Aphoka ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi, zina zikadalipo kumapiri. A ku Japan anasunga ntchito ya makolo awo. Ife ng'anjo zathu zinazima makasu a m'sitolo atabwera.

Mdzukulu wa Wosula:
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Amayi a ku Rumphi, mwandikumbutsa agogo. Bambo a Tadala, za dongozo ndiyesa Loweruka pa kampeni kakang'ono. Koma sipuling'i ndikaithira m'madzi imang'aluka, n'chifukwa chake ndimagwiritsa oyilo wakutha. Kodi dongolo lingagwire mu oyilo?