Andichotsa pa concurso ati munalibe pepala la INSS, ndiyambire pati?

Wa Limpeza, Ulongwe: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinaponya proposta (mpukutu wa mapepala ndi mtengo wanga) pa concurso (mpikisano wa ntchito) ya ofesi ina ya boma la Mozambique imene ikufuna kampani yosesa, kukolopa ndi kutchetcha udzu kwa chaka chonse. Tsiku lotsegula maenvelopu ndinalipo, ndipo pa mitengo yonse imene anawerenga, wanga ndiwo unali wotsika. Dzulo Lachinayi andipatsa kalata yoti júri, komiti younika ma proposta, yandichotsa chifukwa mu proposta yanga munalibe certidão (pepala laumboni) ya INSS, bungwe la boma la penshoni za ogwira ntchito. Chonsecho ndinaiikamo ndi manja angawa, kuseri kwa quitação ya ku Finanças, pepala losonyeza kuti ndilibe ngongole ya msonkho. Fotokope ya mpukutu wonse ndili nayo kunyumba. Ndipite ndikaonane ndi abwana a ofesiyo kapena nditani?

Makanika wa ku Moatize: Achimwene, ingoisiyani. Ntchito zoterezi zimakhala kuti mwini wake alipo kale, ife timangoitanidwa kukadzaza mipando. Mukachita phokoso akudziwani nkhope, concurso ya mawa simudzainunkha n'komwe.

Mayi Zophikaphika, Tete: Ayi bambo, musamufooketse mnzathu. Achimwene a ku Ulongwe, zokaonana ndi abwana pakamwa zisiyeni kaye. Akakupatsani mpando, akakumverani bwinobwino, akakuuzani kuti tiona, masiku n'kumapita. Chimene lamulo likuchidziwa ndi reclamação, dandaulo lolemba. Kalatayo munasayina kuti mwalandira?

Wa Limpeza, Ulongwe: Ndinasayina amayi, ndinalembaponso deti la dzulo.

Wopuma pa ntchito, Furancungo: Ndiye kuti nthawi yayamba kale kuwerengedwa. Ine ndinakhalako mu UGEA, nthambi yoyendetsa zogula pa ofesi ya boma, ndisanapume, ndiye mverani. Malamulo ogulira zinthu ndi ntchito za boma pano ali mu Decreto 79/2022 ya pa 30 Disembala, imene inalowa m'malo mwa Decreto 5/2016. Munthu amene sanakhutire ndi kuchotsedwa, kapena ndi kupatsidwa kwa ntchito kwa wina, ali ndi masiku 5 ogwira ntchito kuchokera pamene wadziwitsidwa kuti apereke reclamação. Loweruka ndi Lamulungu sawerenga. Inu mwalandira Lachinayi, choncho malire anu ndi Lachinayi likudzali, koma musadikire tsiku limenelo. Tsiku lomaliza ndi limene mumakapeza wa carimbo (chidindo) wapita kumaliro.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'masiku omwewa muli ndi ufulu wokaona processo, failo yonse ya concurso. Pitani ku UGEA ya ofesiyo, mukapemphe kuti akuonetseni proposta yanu ya original, acta (zolembedwa za msonkhano) ya tsiku lotsegula, ndi lipoti la júri. Sikuti akukuchitirani chifundo ayi, n'zolembedwa. Funso langa: masamba a proposta yanu munawalemba manambala?

Wa Limpeza, Ulongwe: Eya akulu, mwana wanga ndiye analemba ndi bolopeni pakona. Pepala la INSS ndi tsamba 14.

Wopuma pa ntchito, Furancungo: Mwanayo mumugulire fanta. Mukakapeza tsamba 14 lilipo, nkhani yatha, júri inangolidumpha. Mukakapeza kuti kuchoka pa 13 akufika pa 15, ndiye kuti pepala linasowera m'manja mwawo kapena mwanu, ndipo mulembe zimenezo monga mwazionera, osaloza munthu chala. Muonenso deti la pa certidão yanuyo. Mapepala a INSS ndi a ku Finanças amatha mphamvu, ndipo ena amalira kuti awabera pamene pepala lawo linali litafa kale tsiku lotsegula.

Makanika wa ku Moatize: Madala mukuyankhula ngati buku. Nanga amene akaweruze reclamação si omwewo amene anamuchotsa?

Wopuma pa ntchito, Furancungo: Pang'ono mukunena zoona. Júri imalembapo maganizo ake, koma wogamula ndi mkulu wa ofesi imene ikugula ntchitoyo, ndipo yankho liyenera kubwera lolemba, ndi zifukwa zake. Nthawi imene reclamação ikudikira yankho, concurso imaima, sangathamangire kusayina contrato. Apa ndiye pagona mphamvu yake. Akakana, pali recurso hierárquico yopita kwa wamkulu wa pamwamba pawo, koma kumeneko masiku ndi 3 okha ogwira ntchito, ndipo mumayamba mwaika caução, ndalama imene amakubwezerani mukapambana. Zikakanika konseko ndiye ku Tribunal Administrativo. Amene sanalembe reclamação m'nthawi yake amakafika konseko chimanjamanja.

Mayi Zophikaphika, Tete: Ndiwonjezereko za kalembedwe, poti ine zinandionekerapo pa concurso ya chakudya cha pamisonkhano. Mulembe m'Chipwitikizi, tsamba limodzi kapena awiri basi. Pamwamba nambala ya concurso, dzina la kampani ndi NUIT (nambala ya msonkho). Kenako chifukwa chimene iwo apereka, mukopere mawu awo enieni a m'kalatamo. Pansi pake yankho lanu: pepala lilipo, tsamba lakuti, linatuluka tsiku lakuti, mphamvu yake ikutha tsiku lakuti. Pomaliza munene chimene mukufuna, kuti proposta yanu ibwerere m'mpikisano iunikidwenso. Mawu oti katangale, ziphuphu, wachibale wa uje, musalembemo ngakhale mtima ukuwawa bwanji. Mukangolemba zimenezo iwo ayankha za ziphuphuzo kuti mulibe umboni, za tsamba 14 n'kuzisiya.

Mupite ndi makope awiri. Imodzi muwasiyire, inayo akudindireni carimbo ya entrada yosonyeza kuti alandira, pakhale deti, ola ndi siginecha ya wolandira. Akanena kuti ingosiyani tidinda mawa, khalani pabenchi pomwepo mpaka adinde.

Wa Zomangamanga, Tsangano: Muwerengenso documento ya concurso pa gawo la saneamento, lokonza zolakwika zazing'ono. Pepala la qualificação, losonyeza kuti kampani ndi yoyenera kupikisana, likakhala ndi vuto laling'ono, júri imatha kulembera mwini wake kuti akonze asanamuchotse. Ngati inu sanakulembereni kalikonse, muikemonso chimenecho. Komanso onani njira imene anati asankhira wopambana. Ngati ndi menor preço, yoti wotsika mtengo ndiye apambane, mtengo wanu wotsikawo ndi nkhani yaikulu. Ngati ndi critério conjugado, yophatikiza mtengo ndi zina, mtengo pawokha sukupulumutsani.

Wa Limpeza, Ulongwe: Ndi menor preço akulu, ndayang'ana. Ndipo sanandilembere chilichonse chokonza.

Makanika wa ku Moatize: Chabwino, yesani. Ine ndikadali ndi chikaiko, koma mutiuze.

Wa Limpeza, Ulongwe: Akuluakulu, lero Lolemba ndinapita m'mawa. Poyamba mnyamata wa pa desiki anati processo siionetsedwa kwa anthu akunja, koma nditamuonetsa kalata yanga ndi pempho lolemba anakaitana mkulu wake, n'kunditulutsira. Tsamba 14 lilipo. Linamatirira kuseri kwa quitação, mapepala awiriwo anagwirana pamene panadutsa stepula. Deti lake likadali ndi mphamvu mpaka mwezi wamawa. Reclamação ndapereka masana, carimbo adinda.

Wopuma pa ntchito, Furancungo: Kope yodindayo muijambule pafoni, yeniyeniyo muisunge pouma. Mufunsiretu kuti caução ya recurso ingakhale zingati ndipo amaikira kuti, ndalamayo ikhale pafupi. Yankho likangofika musayine ndi deti, mutitumizire pano tsiku lomwelo.