Mlomo wachita dzanzi koma dzino 36 likukana kuzulidwa

DT_Kumapiri: Anzanga thandizeni msanga. Mayi wa zaka za m'ma 30, dzino 36 (loyamba mwa mano akuluakulu otafunira, pansi kumanzere) labooka mpaka pa pulp (mkati mwa dzino momwe muli mitsempha), masiku atatu osagona. ID block (jakisoni wochititsa dzanzi mano apansi mbali imodzi) ndabaya kawiri, long buccal (wa nkhama ya mbali ya tsaya) ndawonjezera. Mlomo wachita dzanzi, lilime lalemera mbali imodzi, koma ndikangoika elevator (chitsulo chogwedezera dzino) akudzambatuka pampando n'kundigwira mkono. Ma cartridge (timabotolo ta mankhwala a dzanzi ta jakisoni wa mano) anatha kalekale, ndikutunga lignocaine 2% wa m'botolo wopanda adrenaline. Pabenchi panja anthu ali mbwee ndipo onse amva kukuwako. Nditani?

Madala_wa_Forceps: Amoxicillin masiku 5, abwerenso sabata yamawa. Dzino lodwala silimva jakisoni.

SisiWaMano: Madala, tsaya latupa pati? Mnzathuyu sanatchule mafinya. Pulpitis (kutupa kwa pulp) siimva antibayotiki, mungowabweza mayiwo kukalira masiku ena asanu. Achimwene, dzanzi la mlomo silitanthauza kuti pulp yagona. Bayani intraligamentary (pakati pa muzu ndi fupa) mesial ndi distal (kutsogolo ndi kumbuyo kwa dzino), madontho chabe, ndipo muzimva kulimba pokankha. Ikalowa mofewa ndiye kuti yatayikira mkamwa.

Clinician_Mnyanja: Musanawonjezere werengani ma ml amene mwabaya kale. 2% ndi 20 mg pa ml iliyonse, 10 ml ndi 200 mg, ndipo wopanda adrenaline amalowa m'magazi msanga komanso sachedwa kusuluka. Aspirate (kukoka syringe pang'ono kuti muone ngati simunalowe mumtsempha wa magazi) nthawi zonse. Akanena kuti m'makutu mukulira kapena mkamwa mukumveka ngati chitsulo, siyani pomwepo.

DT_Kumapiri: Pafupifupi 5 ml. Mayiwo ndi ochepa thupi.

SisiWaMano: Ndiye mwafika kale pa 100 mg, chenjerani. Komanso afunseni bwinobwino: kukubaya kapena kukukankha? Munthu wamantha zonse amati kupweteka. Yesani ndi probe (kachitsulo kosongoka) pankhama kaye. Ine ndimawauza kuti akakweza dzanja lamanzere ndisiya, ndipo akakweza ndimasiyadi. Thireyi ya zitsulo ikhale kuseri, asaione.

Madala_wa_Forceps: Zonsezo ndi zam'buku. Apatseni makapisozi.

Wakumpoto: Afunseninso ngati adya. Ine bambo wina wamphamvu zake anapalasa njinga kuchokera kutali m'mimba muli gwa, wina atamunamiza kuti pozulitsa dzino sadya. Singano isanatuluke n'komwe, thukuta kamukamu, maso kutembenuka. Tinamugoneka miyendo m'mwamba, atatsitsimuka tiyi wa shuga. Mkazi wake pakhonde anali atayamba kale maliro.

Clinician_Mnyanja: Kkkk. Wanga anali mwana amene anatafuna mlomo wadzanzi usiku wonse. M'mawa agogo ake akubwera kuti ndamuwotcha ndi mankhwala. Kuyambira pamenepo ndimachita kubwereza katatu kwa wolera mwana kuti asamalole mwanayo kutafuna mlomo.

Wakumpoto: Pali amene amapereka diazepam (mankhwala okhazika mtima pansi) kwa amantha otere?

SisiWaMano: Kwa munthu wobwera yekha, wobwerera pa kabaza, ayi ndithu. Wonunkha mowa ayinso. Ndipo muli ndi pulse oximeter (kachipangizo koyezera mpweya wa m'magazi) pamenepo? Ibuprofen 400 mg ndi paracetamol 1 g musanayambe zimathandizako, bola mufunse za zilonda zam'mimba, mphumu ndi pakati.

Madala_wa_Forceps: Ine ndazula mano inu musanabadwe. Mukakakamiza lero muthyola muzu, mayiwo sadzapondanso pachipatala. Amoxicillin.

SisiWaMano: Zosakakamiza tikugwirizana madala. Za makapisozizo ayi.

Wakumpoto: Kodi ma cartridge a adrenaline kwanuko alipo? Ife singano zazitali zinathanso, tikubaya block ndi za blue za jakisoni wamba.