Mwana watentha thupi usiku, ndichite chiyani?

Mayi wa ku Senga Bay:
Mwana wanga wazaka 3 watentha thupi kuyambira madzulo ndipo akukana phala. Kodi ndingamusamalire bwanji mpaka kucha?

Bambo wa ku Chipoka:
Mayi, muvuleni zovala zokhuthala, mumupukute ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, osati ozizira. Mupatseni Panado wa ana motsatira mlingo wake, koma asipirini ayi. Muzimumwetsa Thanzi ORS pang'onopang'ono. Ngati mulibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira.

Agogo a ku Khombedza:
Mwanawe, kuno kunyanja udzudzu ndi wochuluka, choncho m'mamawa ukamuyezetse malungo usanaganize za mankhwala a malungo a LA. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kulephera kumwa, usadikire kuti kuche, thamangira naye kuchipatala.