Kampani ikuti magetsi tapulumutsa, koma bilu yakwera: ndisaine lipoti?

aMwale, woyang'anira nyumba za boma:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ofesi yathu inasainirana kontrakiti ndi kampani ya ESCO (yogwira ntchito zochepetsa kagwiritsidwe ntchito ka magetsi m'nyumba) kuti ikonze nyumba zitatu. Anachotsa machubu akale ounikira n'kuika a LED, anasintha ma AC (makina oziziritsa m'nyumba), anaikanso masensa ozimitsa magetsi m'makolido. Ife sitinatulutse ndalama. Inali ngongole ya kubanki, yoti izibwezedwa ndi zomwe tizipulumutsa pa bilu, ndipo kampani inalemba kuti ikapanda kufika pa mlingo womwe inalonjeza idzalipira yokha zotsalazo. Lipoti la chaka choyamba lafika, likuti adutsa ndi lonjezo lomwe. Koma bilu yomwe a akaunti akulipira ndi yokwera kuposa yakale. Abwana akuti ndisayerekeze kusaina. Ndiyambire pati?

aNabanda, injiniya woyeza kagwiritsidwe ntchito ka magetsi:
AMwale, ikani kaye pambali za ndalamazo. Tiuzeni ma kWh (mayuniti a magetsi) a miyezi 12 isanayambe ntchito ndi a miyezi 12 itatha. IPMVP, ndondomeko ya padziko lonse yoyezera magetsi opulumutsidwa, ili ndi njira zinayi: A, B, C ndi D. Kontrakiti ikutchula iti? Nanga m'nyumbazo mwasintha chiyani chomwe kampani sinakhudze?

aMwale:
Ma kWh atsika, koma pang'ono zedi. Mtengo wa yuniti unakwera pakati pa chaka. Za mababu analemba Option A, zina zonse Option C. Zosintha zilipo amayi: nthambi ina inasamukira m'nyumba yachiwiri, inabwera ndi kachipinda ka maseva (makompyuta osunga mafaelo a ofesi) komwe sikazimitsidwa usana ndi usiku.

aNabanda:
Ndiye n'kutheka kuti bilu ikunena zoona, lipoti nalonso likunena zoona. Magetsi omwe simunagwiritse ntchito alibe mita yake, amachita kuwerengetsera. Amatenga baseline, ndiye kuti momwe nyumba inkadyera magetsi kale, n'kuikonza kuti ifanane ndi momwe zinthu zilili lero, kenako n'kuchotsapo zomwe mita yawerenga chaka chino. Kukonzako kuli pawiri. Kwina n'kwa chaka chilichonse, monga nyengo ikatentha kuposa kale ma AC n'kugwira ntchito yambiri. Kwina n'kwa zinthu zomwe palibe ankaziyembekeza, ngati maseva anuwo.

Musakaderere kachipindako. Tiyerekeze kuti maseva pamodzi ndi AC yake akukoka 5 kW osapuma. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye ndi 43,800 kWh. Zimenezo zitha kumeza zonse zomwe mababu a nyumba yonse apulumutsa, ndipo si mlandu wa kampani. Koma musalole kuti angolemba nambala ya m'mutu. Aike logger, kachipangizo kolemba magetsi omwe akudutsa, pa breka ya chipindacho kwa milungu ingapo, inu muli pompo poika ndi pochotsa, ndipo faelo yake akupatseni yosakonza.

aPhiri, wa zogulagula ndi makontrakiti:
Ine maso anga ali pa A ndi C m'nyumba imodzi. Option C imayeza nyumba yonse pa mita yaikulu, ndipo mababu ali pa mita yomweyo. Ngati atenga zomwe C yaonetsa n'kuwonjezerapo za mababu za Option A, mababuwo awawerenga kawiri. Tsegulani tebulo lomaliza la lipoti muone momwe aphatikizira.

Chinanso, pa Option A amayeza chinthu chachikulu chimodzi, kawirikawiri mawatsi, pomwe maola amangogwirizana n'kulemba. Chubu cha 36 W pamodzi ndi balasiti yake yachikale (kachipangizo koyendetsa magetsi a chubucho) chimakoka pafupifupi 45 W, cha LED cholowa m'malo mwake mwina 18 W. Kusiyana kwa 27 W ndi kwenikweni, aliyense atha kuyeza. Koma papepala akalemba maola 12 patsiku pomwe anthu amayatsa maola 8, gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe lipoti likutamazo silidzaoneka pa bilu. Ngati munasainira maolawo, n'zovuta kuwakana lero. Koma ngati nyumba yonse mwaibwezera pa C, nkhani ya maola imangofera pomwepo.

aMwale:
AMkulu, mwalasa. Tebulo lili ndi mizere iwiri, wa mababu ndi wa nyumba yonse, ndipo pansi aphatikiza.

aNabanda:
Musafulumire kunena kuti aba. Ena amachotsa kaye za mababu mu C asanaphatikize, koma salemba poyera. Afunseni mwa kalata kuti aonetse masamuwo mzere ndi mzere. Akatchula zoti LED satentha ngati machubu akale, choncho ma AC akupumako, n'zoona, koma nazonso zili kale mu C.

aZimba, akauntanti:
Abwana anuwo muwafotokozere za mtengo, chifukwa iwo amangoona bilu. Makontrakiti ambiri otere amalonjeza ma kWh, n'kuwachulukitsa ndi mtengo wa yuniti womwe unalembedwa posaina, nthawi zina ndi peresenti yoti uzikwera nayo chaka ndi chaka. Kampani siilonjeza kuti ogulitsa magetsi sakweza mtengo. Awerengereni ma kWh akale aja, kuphatikiza maseva, pa mtengo wa lero. Imeneyo ndiye bilu yomwe akanalipira pakanapanda ntchitoyi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi bajeti. Okonza bajeti akaona magetsi atsika amathamangira kudula ndalama za magetsi, kuiwala kuti ngongole ikubwezedwa kuchokera momwemo. Ku United States, komwe lamulo la 1992 la Energy Policy Act linapatsa nthambi za boma mphamvu zochita makontrakitiwa, ndipo amatha kufika zaka 25, zolipira pachaka siziloledwa kuposa zomwe nthambi ikanalipira popanda kontrakitiyo. Kaya lamulo lanu ndi lotani, ndalamazo zitetezedwe mpaka ngongole ithe.

aPhiri:
Ndipo lembani kalata yowadziwitsa za nthambi yomwe inasamukayo, ndi tsiku lomwe inalowa. Makontrakiti ambiri amati mwini nyumba ndiye anene zosintha zotere. Onaninso masiku omwe mwapatsidwa otsutsira lipoti, chifukwa ena amati mukangokhala chete ndiye kuti mwavomera. Za banki pitirizani kulipira, mkangano wanu uli ndi ESCO.

aMwale:
Zikomo nonse. Kontrakiti ikuti masiku 30, ndipo sanathe. Mawa kalata ipita: sitikuvomera lipoti mpaka aonetse momwe aphatikizira A ndi C, komanso aike logger pa maseva.

aNabanda:
Mukafika pa logger, muone kuti AC ya chipindacho ili pa breka yomweyo kapena ina. Ikakhala ina, pafunika ma logger awiri.