Ndalama ya timu ya kwathu: tilembe kochi kapena tiyambe takonza mwambo?

Mlembi: Abale ndi alongo, ndikudziwitseni kuti mwana wa kwathu amene ali ku Johannesburg watumiza K3 miliyoni yothandizira timu ya mpira ya kumudzi, ndipo ndalamayo yalowa kale ku akaunti ya gulu. Komiti ikuganiza zolemba kochi wa kuno ku Lilongwe wa satifiketi ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, kuti aziyenda ku Mitundu kawiri pa sabata. Tikupempha maganizo anu tisanakumane Loweruka.

Aphunzitsi opuma a ku Area 25: Zikomo a mlembi, ndipo Mulungu amudalitse mwanayo. Koma ine ndikukana poyera. Anyamata athu sakugonja chifukwa chosadziwa poima m'bwalo. Akugonja chifukwa pa tsiku la masewero ena amafika mpira utayamba kale, ena amagona kumowa, ndipo amene wamwetsa chigoli salankhulana ndi amene anamupatsira mpirawo. Kochi angajambule njira zokongola pabolodi, koma adzaphunzitsa ndani ngati pa zokonzekera pafika anthu asanu ndi mmodzi? Kumbukirani Zambia pa mpikisano wa chikho cha mayiko a mu Africa mu 2012. Pa mayina a osewera sinkafanana ndi Ivory Coast ya Didier Drogba ndi Yaya Touré, koma kochi wa Zambia, Hervé Renard, anapita ndi anyamata ake kugombe la nyanja ku Libreville kukalemekeza anzawo amene anafa pa ngozi ya ndege mu 1993, ndipo pa ndime yomaliza anapambana pa mapenate 8-7. Chimene chinawanyamula ndi mtima umodzi.

Mphwanu wa ku Kawale: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ndikusiyana nanu. Zambia inatha mphindi 120 osagoletsedwa, ndipo zimenezo sizichitika ndi misozi yokha. Aliyense ankadziwa munthu womugwira ndi malo otseka. Flames yathu inafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal pa mpikisano womwewo wa chikho cha Africa ku Cameroon mu Januwale 2022, Senegal yomwe inadzatenga chikhocho, chifukwa kochi Mario Marinica anakonza bwino otchinga kumbuyo ndi kathamangidwe kopita kutsogolo.

Aphunzitsi opuma a ku Area 25: Mphwanga, wanena bwino, koma wasiya mbali ina. Amene anaipititsa timuyo ku Cameroon ndi Meck Mwase, ndipo pamene tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, pabenchi panali Mwase yemweyo chifukwa Marinica anali atadwala Covid. Anyamata aja ankadziwana ndiponso ankakhulupirirana, ndiye njira iliyonse inkatheka kugwira. Ngakhale chigoli chija cha Mhango chochokera kutali pa masewero a Morocco sichinajambulidwe pabolodi, chinachokera m'kulimba mtima. Taonanso Kalisto Pasuwa: anatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos kwawo ku Zimbabwe, kenako kasanu motsatizana ndi Bullets kuno. Osewera ankasintha chaka ndi chaka, otsutsana naye ankaona kaseweredwe kake sabata iliyonse, koma analephera kumuletsa. Ine ndikuona kuti chimene anadzala ndi chizolowezi chakuti wovala malaya amenewo saloledwa kuchita ulesi.

Mayi a ku Biwi: Ine za mabolodi sindikuzidziwa, koma ndili ndi funso limodzi. Ndalama za yunifomu zija tinasonkha aliyense K10,000 zinapita kuti? Mpaka lero ana aja akusewera ndi malaya obwereka.

Msungichuma: Mayi, nthawi imeneyo msungichuma sindinali ine, ndipo buku limene ndinalandira linali lothothoka masamba. Nkhaniyi ndinaifotokoza pa msonkhano wa ku Civo, ndipo inu munalipo.

Aphunzitsi opuma a ku Area 25: Mayiwa agunda penipeni pa mfundo yanga. Mwambo wa timu umayambira kwa akuluakulu. Mnyamata amene analonjezedwa nsapato ndi yunifomu, nadikira nyengo yonse osaona kanthu, simungamuuze kuti athamange mpaka kutuluka thovu. Ngakhale m'matimu akuluakulu, osewera akakhala miyezi osalandira malipiro amafooka, kaya kochi akhale wodziwa chotani. Leicester City inatenga ligi ya ku England mu 2016 ndi Claudio Ranieri, koma pofika February 2017 anamuchotsa ntchito timu ili pafupi kutuluka mu ligi. Munthu anali yemweyo, nzeru zake zinali zomwezo. Chinasintha n'chiyani ngati si mitima ya osewera?

Mphwanu wa ku Kawale: Chinasintha n'chakuti N'Golo Kanté anagulitsidwa ku Chelsea, aphunzitsi. Iye ndiye ankalanda mipira pakati kuti Jamie Vardy athamange, ndiye atachoka njira yonse inagwa, ndipo Chelsea inatenga ligi chaka chotsatira. Chitsanzo chanu chikuikira kumbuyo ine.

Malume a ku Chilinde: Kodi kochi amene komiti ikumufunayo si mlamu wake wa wachiwiri kwa wapampando? Ndangofunsa kuti tidziwe.

Wachiwiri kwa wapampando: Malume, dzina la munthu aliyense silinatchulidwe, ndipo ndikupempha kuti mawu amenewo muwabweze. Ine ndakhala ndikulipira minibasi ya timu ndi ndalama za m'thumba mwanga, koma palibe amene anafunsapo za ubale pamenepo.

Malume a ku Chilinde: Ndidzawabweza tsiku limene tidzaone malisiti a yunifomu.

Wapampando: Abale, tisasiye njira. Funso ndi lakuti ndalamayi igwire ntchito yanji pa timu.

Aphunzitsi opuma a ku Area 25: A wapampando, maganizo anga ndi awa. Mphunzitsi wa kusukulu amene wakhala ndi anyamatawa zaka zonsezi popanda malipiro timutumize ku maphunziro a makochi a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, chifukwa iye amadziwa makolo a mwana aliyense ndipo akalankhula amamveka. Ndalama yotsala igule mipira, nsapato ndi yunifomu, ndipo palembedwe malamulo oti wojomba ku zokonzekera asasewere ngakhale atakhala womwetsa zigoli wamkulu. Mlendo wobwera Lachiwiri ndi Lachinayi sangadziwe kuti goloboyi wathu amasowa nthawi yokolola fodya. Ndipo mphwanga wa ku Kawale ndikumuyankha kuti Silver Strikers itatenga ligi mu 2024 ndi Peter Mponda, inali timu yolipidwa pa nthawi yake ndi Reserve Bank, yokhala ndi bwalo lake ku Area 47. Maziko anali okhazikika kale.

Mphwanu wa ku Kawale: Maziko amenewo analipo zaka zonse kuyambira 2013, koma ligi sinkabwera mpaka atafika kochi woyenera.

Mayi a ku Biwi: Funso langa silinayankhidwebe. Komanso atsikana a ntchemberembaye alandirapo zingati pa K3 miliyoniyo?

Mlembi: Wotumiza ndalama anati ndi ya mpira wa miyendo, mayi. Zina zonse tidzakambirana Loweruka, 2 koloko masana, ndipo msungichuma wakale tamuitana.

Msungichuma: Ndamuimbira katatu, foni yake sikupezeka.