Mwana wa cerebral palsy akutsamwa ndi madzi, tiwalimbitse ndi chiyani?

Moni nonse, makamaka inu a physiotherapy ndi speech therapy.

Kuno ku Dedza kuli mwana wa zaka 3 wa cerebral palsy (kulumala kobwera ubongo ukavulala), yomwe inayamba atadwala malungo aakulu. Akulemera makilogalamu 9, MUAC (muyezo wozungulira mkono) ili pa masentimita 11.8. Vuto lagona pa zakumwa. Akangomwa madzi kapena tiyi amatsamwa, kutsokomola, misozi kulengeza, kenako mawu amamveka ngati pakhosi patsalira madzi. Chibayo chamugwira kawiri chaka chino, ndiye tikukayikira kuti zina zikulowera kumapapo.

Mayi ake anasiya kumudyetsa chogona. Amamukhazika pampando wa makatoni, mutu woweramira pang'ono kutsogolo, ndipo akadya sagonekedwa mpaka patapita mphindi 30. Kapu tinaidula mbali ya mphuno kuti asamagadamitse mutu pakumwa. Phala la likuni lolimba, lothira nsinjiro, amameza bwinobwino akamapatsidwa theka la supuni yaing'ono, kungoti amatha mphindi 50 ndipo amatopa asanamalize. Chiponde chimamumata kukamwa.

Madzi tinayesa kuwalimbitsa ndi ufa woyera wophika, koma malovu akangolowa m'kapu amasungunukanso. Thickener (ufa wolimbitsira zakumwa) wa ku famase banjali silingakwanitse.

Ndiye chonde, ndi chiyani chopezeka kumudzi chomwe chingalimbitse madzi osasungunuka msanga? Kulimba kwake mumayeza ndi syringe ya 10 ml kapena supuni ikukwanira? Nanga pa sikelo imeneyi, tidikirebe kapena atumizidwe ku NRU (wodi ya ana onyentchera) akaone za chubu chodyetsera cha m'mphuno?