Ratio ya mizere ya sulfure [S II] yandisokoneza pa milalang'amba ya m'chigulu

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi milalang'amba 18 ya m'chigulu chimodzi pa redshift 2.1 (muyezo wa momwe kuwala kwatambasukira pochokera kutali), ndi ina 40 yokhala payokhayokha. Ndikufuna ndione ngati kukhala m'chigulu kumasintha kuthinana kwa gasi wa pakati pa nyenyezi. Nditaphatikiza masipekitiramu (kuwala kogawidwa m'mitundu yake), ratio ya mizere iwiri ya sulfure ya [S II], 6716 ndi 6731, yomwe imakwera gasi akamwazikana, ikutuluka 1.6 kwa ya m'chigulu, 1.2 kwa inayo. Ndinasangalala kuti mwina ndi ram pressure (kukankha kwa gasi wa m'chigulu pa mlalang'amba woyenda m'menemo) yomwe akatswiri a zakuthambo Gunn ndi Gott analongosola mu 1972, kuti gasi wakokololedwa. Koma mtima sukukhazikika.

Mphatso: Usakhazikike ndithu, achemwali. Gasi ngakhale atamwazikana chotani, ratio imeneyi imathera cha pa 1.45. Mukapeza 1.6, cholakwika chili m'deta, osati mu mlalang'amba. Mzere wa 6731 wadyedwa penapake.

Tadala: Wadyedwa ndi chani? Ndayeza mizereyo ndi fit kawiri konse.

A Phiri: Mayi, chulukitsani 6731 ndi 3.1, yomwe ndi redshift yanu kuphatikiza 1. Mupeza ma angstrom (muyezo wa kutalika kwa funde la kuwala) pafupifupi 20,870, mu K band, chigawo cha kuwala kwa infrared, komwe mpweya wa dziko lathu lomweli umawala ndi mizere ya OH, mamolekyulu a okosijeni ndi haidirojeni. Mukamachotsa kuwala kwa thambo n'kupyola muyezo pang'ono, pamatsala kadzenje. Tsono taonani msampha wake. Milalang'amba yokhala payokha ili pa ma redshift osiyanasiyana, ndiye kadzenjeko kamagwa apa ndi apo, mukaphatikiza kamazimirira. Ya m'chigulu ili pa redshift imodzi, kadzenje kamabwerera malo amodzimodzi n'kumakula. Mumaganiza kuti mwapeza mphamvu ya malo, pamene mwayeza thambo la usiku umenewo. Zinandionekerapo ndili wophunzira, miyezi iwiri ndikulemba chinthu chomwe kunalibe.

Mphatso: Pepani a Phiri, koma si yonse ingakhudzidwe. M'chigulu milalang'amba imathamanga mosiyana. Makilomita 500 pa sekondi amasuntha mzerewo ndi ma angstrom pafupifupi 35. Ayang'ane umodziumodzi.

A Phiri: Zoona, ndinafulumira. Ikani sipekitiramu ya thambo pansi pa uliwonse.

Tadala: Ndachita. Pa 7 mwa 18 mzere wa OH wakhala pamwamba penipeni pa 6731. Umodzi mpaka flux, kuchuluka kwa kuwala, ikutsika pansi pa ziro, ndipo sindinaone chifukwa ndimangoyang'ana zophatikiza. Ndawachotsa, otsala 11 akupereka 1.25. Manyazi bwanji.

Mphatso: Palibe manyazi. Ratio ya 1.2 ndi ma elekitironi pafupifupi 200 pa kiyubiki sentimita, zomwe n'zachizolowezi pa redshift 2, pomwe milalang'amba yapafupi nafe imangokhala ndi makumi ochepa. Koma 11 ndi yochepa. Chitani bootstrap, kusankhanso mwamwayi m'deta yomweyo kambirimbiri, muone ngati 1.25 ndi 1.2 zikusiyanadi. Ine ndikukayika.

A Phiri: Komanso musafanizire chisawawa. Kuthinana kwa gasi kumakwera komwe nyenyezi zikubadwa zambiri pamalo aang'ono, ndiye sankhani ya kunja yofanana kulemera ndi liwiro lobala nyenyezi. Ya AGN, yomwe pakati pake pamawala chifukwa cha dzenje lakuda, ichotseni ndi BPT, tchati chofanizira ma ratio a mizere. Muli ndi [O II], mizere ya okosijeni yomwe nayonso imayeza kuthinana kwa gasi?

Tadala: Ilipo, cha pa ma micron 1.16 (ma angstrom 11,600), koma mizere yake iwiri yatalikirana ndi ma angstrom osakwana 9, yangotsala pang'ono kugwirana. Ndiyesa pa 7 aja usiku uno, mawa ndiika zithunzi pano.